Kuchoka pa Mtovu Kufika pa Puleti

Mabuku oyamba kulowa m'midzi ya kuno kum'mawa kwa Zambia adabwera pamitu ya amtengatenga, kuchokera ku Nyasaland. Amishoni a Dutch Reformed atamanga misasa pa Magwero mu Julaye 1899, patangopita chaka Angoni a Mpezeni atagonja kwa asilikali a Angerezi, adapeza ntchito ina itagwiridwa kale. Anzawo a ku Mvera, amene adafika kumeneko mu 1889, adali atayamba kale kuika Chinyanja papepala, ndipo chilankhulo cha ku Mvera ndi cha kwa Kawaza kapena kwa Mbang'ombe n'chimodzi. Mishoni itafalikira ku Madzimoyo mu 1903, ku Nyanje mu 1905, ku Nsadzu mu 1908, ndipo mochedwa ndithu pa Katete mu 1944, kasukulu kalikonse ka m'mudzi kankadikira katundu wochokera kutsidya kwa malire: mapepala a a-e-i-o-u opachika pakhoma, katekisimu, buku la nyimbo. Zambiri zinkatuluka m'makina a mishoni a ku Nkhoma, komwenso kunkasindikizidwa Mthenga, nyuzipepala ya mpingo imene idayamba mu 1909. Buku Lopatulika, limene William Murray ndi anzake adalimasulira, lidakula kuposa mphamvu ya makina a pa mishoni. Lidakasindikizidwa ku Britain mu 1922 n'kubwera pa sitima ya pamadzi.

Mipingo ina nayo inkayang'ana komweko. Aangilikani a pa Msoro, kumene wansembe Leonard Kamungu adamwalira mu 1913, ankalandira mabuku a ku Likoma. Ansembe a White Fathers adakhala pa Kachebere, pamalire penipeni, kuyambira 1903, ndipo makina a ku Likuni atayamba kulira mu 1949, Mkatolika wa ku Vubwi adali pafupi ndi nyumba yosindikizira kuposa munthu wa m'matauni ambiri a Northern Rhodesia. Lusaka kudali kutali, msewu wafumbi, Luangwa pakati.

Ntchito ya masiku amenewo idali ya mtovu. Chilembo chilichonse chidali kachitsulo kakekake, kozokotedwa motembenuza. Wosanja zilembo ankaima patsogolo pa kabati ya timabokosi, n'kumatola chimodzichimodzi ndi dzanja lamanja, kuika m'kachitsulo kogwirira kumanzere, mzere ndi mzere, mpaka tsamba litakwana. Akatero ankalimanga zolimba m'chimango, kulipaka inki, kulidinda papepala. Ntchito ikatha ankatsuka zilembozo ndi palafini n'kubwezera chilichonse m'kabokosi kake, ndipo m'mawa mwake zilembo zimene dzulo zidalemba Salimo zinkalemba fomu ya kuchipatala. Zovuta zake zidalipo. Opanga zilembo ku Ulaya ankayeza mabokosi potsata Chingerezi, momwe e ndi t zimachuluka, pomwe Chinyanja chimadya a, n, k ndi m. Kabokosi ka a kankauma tsamba lisanathe, q ndi x zili phee osakhudzidwa, ndipo ŵ wokhala ndi kachisoti uja ankafuna kumuitanitsa mwapadera. Komabe ukagula zilembo kamodzi, zinkakhala chuma cha pakhomo zaka makumi awiri kapena atatu. Wogulitsa ukamuona lero, udzamufunanso mwana wako atakwatira.

Boma la atsamunda lidalowa m'bwaloli mochedwa. Mutende, nyuzipepala ya boma yolembedwa m'Chingerezi ndi m'zilankhulo zinayi kuphatikizapo Chinyanja, idayamba mu 1936. Mu 1948 kudabadwa bungwe la mabuku la Northern Rhodesia ndi Nyasaland pamodzi, limene linkalandira zolemba za aphunzitsi ndi makalaliki n'kumazipereka kwa makampani osindikiza. Kenako kudadza nyuzipepala ya Nkhani za Kum'mawa, ndipo ufulu utabwera, Tsopano. Zonsezi anthu a ku Katete ankaziwerenga, ena ankalembamo makalata, koma makina ake adali kutali. Chimene chidafika kuno ndi manja ake chidali Gestetner, makina opukusa okopera zolemba. Pa Boma, pa chipatala cha St Francis chimene chidatsegulidwa mu 1948, pa sekondale ya Chassa ya abale a Marist, m'maofesi a makopaletivu a alimi, paliponse padali kachipinda konunkha inki momwe kalaliki ankamenya sitensulo pa taipi atachotsa riboni, kukonza polakwika ndi mankhwala ofiira aja onunkha ngati opaka m'zikhadabo, n'kuyamba kupukusa chogwirira. Mayeso a pa teremu, timapepala ta nyimbo za kwaya, mitengo ya mtedza ndi thonje, zonse zinkatuluka mmenemo. Apa ndi pamene anthu a kuno adalawa koyamba chinthu chogula, chogwira ntchito kamodzi, n'kutayidwa. Bokosi la masitensulo likatha sukulu inkakhala chete mpaka wina atapita ku Fort Jameson, komwe lero ndi ku Chipata.

Ine ndidalowa ntchito yosindikiza ku Lusaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndili kamnyamata kochokera kwa Kawaza. Ndidapeza mitundu iwiri ya makina ikukhala m'nyumba imodzi mosakondana kwenikweni. Kumbuyo kudali madala a mtovu ndi Heidelberg yawo yamanja opeperula ija, akudinda makhadi a ukwati ndi manambala a m'mabuku a malisiti. Kutsogolo kudali makina a ofuseti, ndipo aliyense ankadziwa kuti tsogolo lili kumeneko.

Nzeru ya ofuseti ndi yakale kuposa mmene ambiri amaganizira. Alois Senefelder, Mjeremani wa ku Munich, adaitulukira cha m'ma 1796 akusewera ndi mwala wosalala wa ku Solnhofen: ukalemba pamwala ndi chinthu chamafuta, n'kunyowetsa mwalawo, inki imakakamira polembedwa pokha, pamadzi n'kuthawa. Palibe chozokota, palibe chotumphuka, ndi udani wa madzi ndi mafuta basi. Mwala udalowedwa m'malo ndi chitsulo chopyapyala chotheka kukulunga pa silinda. Cha m'ma 1904 Ira Rubel wa ku New Jersey adaona kuti chithunzi chikayamba chadinda pa bulangeti ya mpira, kenako n'kuchoka pamenepo kupita papepala, chimatuluka chooneka bwino kuposa kudinda mwachindunji. Mu 1951 kampani ya 3M idayamba kugulitsa mapuleti a aluminiyamu opakidwa kale mankhwala omva kuwala, ndipo kuyambira pamenepo wosindikiza sadafunikenso kudzipangira yekha puleti. Ankangotsegula bokosi.

Ntchito yanga yoyamba idali m'chipinda cha mapuleti. Umatenga filimu ya tsamba, kuigoneka pa puleti pansi pa galasi, kuchotsa mpweya kuti zigwirane, kuyatsa nyali yamphamvu. Timati kuwotcha puleti. Ukawotcha umaitsuka ndi divelopa, mankhwala n'kusungunuka posafunika, n'kutsala mawu ndi zithunzi zokha. Pomaliza umaipaka gamu, utomoni wa mitengo ya ku Sudan, kuti aluminiyamu asachite dzimbiri lake loyera lija. Chithunzi cha mitundu yonse chimadya mapuleti anayi pa mbali imodzi ya pepala: wobiriwira ngati thambo, wofiirira, wachikasu ndi wakuda. Ntchito ikatha, puletiyo yatha. Sungafufute kalenda kuti ulembepo lisiti.

Madala a mtovu ankatiseka pa mfundo imeneyi, ndipo padatenga nthawi kuti ndimve chimene ankanena. Zilembo zawo zidali ngati chimanga cha makolo chimene umasankha m'nkhokwe mwako chaka ndi chaka. Puleti ndi mbewu ya haibulidi, yobereka kwambiri, koma dzinja lililonse uyenera kukagogoda kusitolo ndi ndalama m'manja. Ofuseti idatipatsa liwiro, zithunzi ndi mitundu, ndipo idatisandutsa ogula osalekeza. Kuyambira pamenepo mbiri ya wosindikiza wa m'Zambia ndi mbiri ya misewu, malire ndi mtengo wa dola.

Nthawi yake idali yoipa kwambiri poyambira kudalira katundu wakunja. Ian Smith adalengeza ufulu wake wa ku Rhodesia mu Novembala 1965, ndipo mu Januwale 1973 malire a kum'mwera adatsekedwa. Zinthu zimene zinkachokera ku Johannesburg ndi ku Salisbury m'masiku owerengeka zidayamba kuzungulira ku Dar es Salaam, kumene mabokosi ankakhala padoko miyezi akuphikidwa ndi dzuwa ndi chinyontho cha kunyanja. Mu 1975 mtengo wa kopa udagwa, ndalama zakunja zidasowa, ndipo kuti uitanitse chilichonse umafunika chilolezo ndi gawo la madola lochokera ku Bank of Zambia. Mu Okutobala 1985 boma lidayamba kugulitsa madola pa okushoni. Kwacha, imene idali pa ziwiri ndi pang'ono pa dola, idafika pa 21 mu Epulo 1987, a Kaunda asanasiyane ndi IMF pa 1 Meyi chaka chomwecho. Kuno kwathu kudali tsoka linanso: zigawenga za RENAMO zinkalowa m'midzi ya m'malire ku Chadiza, Katete ndi Petauke, ndipo msewu wa Chanida wopita ku Tete ndi ku Beira udasanduka woopsa.

M'zaka zimenezo funso lakuti tigule kwa yani lidalibe tanthauzo. Umagula kwa amene ali nawo. Wina akamva kuti kwafika mabokosi a Kodak kapena a Agfa, bwana ankanyamuka yekha ndi galimoto, osatuma mnyamata. Tinkadula mapuleti aakulu ndi lumo kuti akwane makina aang'ono. Tinkatembenuza akale, kukhula kumbuyo kwake ndi mchenga wosalala, kupaka mankhwala ndi siponji, n'kumayembekeza kuti apirira makope masauzande awiri asanayambe kuda. Ntchito zazing'ono tinkazichita ndi mapuleti apepala. Makope a ana a sukulu adasowa m'masitolo, ndipo mabuku a Chinyanja a NECZAM, kampani ya mabuku ya Kenneth Kaunda Foundation, akatha sankabwerezedwanso msanga. Chifukwa china chidali chakuti kuyambira 1966 ana ankaphunzira m'Chingerezi kuchokera Giredi 1, choncho buku la Chinyanja lidali kumapeto kwa mzere. Koma china chidali chachitsulo ndi pepala basi. Mphunzitsi wa ku Sinda wogawira ana makumi asanu mabuku atatu ong'ambika sankadziwa kuti vuto lake lidayambira padoko la Dar es Salaam. Ndipo madala a mtovu aja, amene tinkawayesa otsalira, ndi amene ankadyetsa kampani miyezi ina, poti zilembo zawo sizinkadikira chilolezo cha banki.

Chipani cha MMD chitalowa m'boma mu 1991, zipata zidatseguka. Malamulo oletsa ndalama zakunja adachotsedwa mu 1994, South Africa idatsegukanso, ndipo mapuleti adadzaza. Koma chipata chomwecho chidalowetsanso mabuku osindikizidwa kale kunja, ndipo dandaulo la osindikiza a m'dziko muno lidakhala lakuti buku lathunthu limalowa mopepuka pa kasitomu kuposa pepala, inki ndi puleti zopangira bukulo. Ntchito zikuluzikulu zidathawira kunja ndipo sizidabwerere zonse. Mapepala ovotera a 2011 adasindikizidwa ku Durban, a 2016 ndi 2021 ku Dubai, kwa Al Ghurair, pomwe Government Printer ali mu Lusaka momwemo. Munthu wa ku Vubwi amachonga pa pepala limene layenda pa ndege kuposa mmene iye adzayendere moyo wake wonse.

Ukadaulo nawo udasuntha. Pa chionetsero cha drupa ku Düsseldorf mu 1995 kudaoneka makina a CTP, amene amalemba pa puleti ndi kuwala kwa leza kuchokera pa kompyuta, popanda filimu. M'zaka zotsatira makampani akuluakulu a ku Lusaka ndi ku Ndola adawagula, chipinda chamdima chimene ndidakuliramo n'kusanduka mosungira makatoni. Opanga mapuleti nawonso adachepa. Adatsala atatu otchuka, Kodak, Fujifilm ndi Agfa, ndipo ngakhale iwowa adagwedezeka: Kodak idakapempha chitetezo cha khoti pa ngongole zake mu Januwale 2012, Agfa idagulitsa nthambi yake ya ofuseti mu 2023, imene tsopano ikutchedwa ECO3. Pamene awa ankachepa, mafakitale a ku China monga Lucky Huaguang adakula, mpaka mu 2024 America idaika msonkho wapadera pa mapuleti ochokera ku China ndi ku Japan, Kodak itadandaula. Kuno kulibe fakitale ya mapuleti yoti boma liiteteze, ndiye onse amalowa n'kupikisana pa shelefu imodzi.

Lero mukayenda pa Katete Stores, pa Sinda kapena pa Vubwi, mupeza timashopu ta fotokope ndi maprinta a kompyuta. Ndito timatulutsa mapologalamu a maliro, makalata ofunsira ntchito, zithunzi za ziphaso. Ntchito ikafika makope masauzande, monga mabuku a malisiti a ogula thonje ndi soya, mafomu a sukulu, makalenda a mpingo, zikwangwani za andale, imakwera basi kupita ku Chipata kapena ku Lusaka. Mwana wa mlongo wanga, amene ali ndi kashopu kotere, adatopa kuona ndalama zikukwera basi. Adapeza Heidelberg GTO 52 yogwirapo kale ntchito, makina amene mtundu wake udayamba mu 1972 ndipo amakana kufa, n'kubwera kwa ine ndi kabuku kolembamo.

"Atsibweni, mapuleti abwino ndi ati? Ena akuti Fuji, ena akuti a ku China ndi otchipa."

Ndidamuuza kuti atseke kaye kabukuko, andiuze mmene adzawotchere. Makina a CTP sangawakwanitse, mtengo wake umaposa GTO yomweyo kangapo, ndiponso amafuna chipinda chozizira chopanda fumbi ndi magetsi osadukaduka. Amene amatha kuwagula kawirikawiri amawatenga pa pangano lakuti azigula mapuleti a kampani yomweyo zaka zingapo, ndipo pamenepo kusankha kwatha. Kwa munthu wa pa Katete njira yodziwika ndi kutumiza ntchito pa intaneti kwa amene ali ndi CTP ku Lusaka, iwo awotche, akulunge m'katoni, apereke kwa kondakitala pa siteshoni ya mabasi ya Intercity m'bandakucha, puleti ifike madzulo itayenda makilomita pafupifupi 500. Ukatero sukusankha Kodak kapena Fuji. Ukusankha munthu amene amayankha foni Loweruka, amene amayang'ana ntchito yako asanawotche n'kukuimbira akaona kuti chithunzi chasowa, amene amadziwa kuti puleti ya GTO 52 ndi ya mamilimita 400 kwa 510 ndipo siyenera kupindika pakona pomwe mano a makina amaluma. Kondakitala akaika thumba la anyezi pamwamba pa katoniyo, mwa mapuleti anayi imodzi ikapindika, ntchito yonse yaima mpaka basi ya mawa.

Njira ina ndi yakale ija: kusunga mabokosi a mapuleti wamba pashopu, kutulutsa tsamba pa pepala loonekera mkati ndi printa ya leza m'malo mwa filimu, n'kuwotcha wekha. Zithunzi za mitundu sizituluka bwino motere, koma malisiti ndi mafomu, zimene ndi nsima ya shopu ya kumudzi, zimatuluka bwinobwino. Ine ndidamulangiza zonse ziwiri, za mitundu ku Lusaka, za inki imodzi pakhomo. Akulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo, ndipo puleti ili m'basi ndi yapachala.

Pa mapuleti osungawa ndi pamene wogulitsa amayesedwa. Maganizo akuti cha ku China n'chosalimba ndi a zaka makumi awiri zapitazo. Ndagwiritsa ntchito a ku China amene adapirira makope masauzande makumi angapo osasintha, ndipo ndaonapo a dzina lalikulu akukana inki chifukwa adakalambira m'nyumba yosungira. Puleti ili ndi moyo wake, chaka kapena ziwiri ikasungidwa pozizira ndi pouma, ndipo kutentha kwa Okutobala pansi pa malata kumaufupikitsa. Wogulitsa wina ku Lusaka adanditumizirapo mabokosi otsika mtengo modabwitsa, pamalo pa deti atamatapo kapepala ka dzina la sitolo yake. Titawotcha, malo oyenera kuyera ankagwira inki, tsamba lonse lili mbuu. Kuyambira pamenepo bokosi ndimaliyamba ndi deti ndi nambala ya gulu lake, mtengo pambuyo. Chimene wosindikiza amafuna n'chakuti bokosi la mu Juni lichite chimodzimodzi ndi la mu Malichi, kuti nthawi yowotchera imene adaipeza movutikira isamasinthe mwezi ndi mwezi. Wogulitsa amene lero ali ndi mtundu uwu, mawa wina, malingana ndi kontena imene yatchipa, amakudyera mapepala ambiri oyesera kuposa ndalama imene wakuchotsera.

Palinso za madzi, zimene ogulitsa a ku tauni saziganizira. Makina a ofuseti amamwa madzi osakaniza ndi mankhwala, owawasa pang'ono, ndipo madzi a pa mjigo m'malo ena kuno ndi olemera ndi laimu. Laimuyo amapha kuwawasako, amaunjikana pa marola, puleti n'kuyamba kuda kapena kuchita khungu. Mnyamata wosadziwa amatukwana puleti, chonsecho mlandu ndi wa chitsime. Wogulitsa wabwino amafunsa za madzi ako asanakugulitse kanthu, ndipo amakhala ndi divelopa ndi mankhwala a m'madzi ogwirizana ndi mapuleti ake. Apa mpofunika kuwerengera pamodzi, chifukwa alipo amene amatsitsa puleti n'kukweza divelopa, podziwa kuti wina sagwira bwino pa mapuleti awo. Masiku ano kuli mapuleti osafuna kutsuka, monga Sonora ya Kodak, amene amadziyeretsa okha pa makina akayamba kuzungulira. Amachotsa vuto la mankhwala otayira kuseri kwa shopu kumene mbuzi zimadya, koma amafuna CTP, chithunzi chake chimaoneka mozimiririka moti n'kovuta kuona cholakwika usanamange, ndiponso sachedwa kukandika. Pa ulendo wa basi wa maola asanu ndi awiri ine sindinawakhulupirirebe.

Funso limene ndimafunsa wogulitsa aliyense ndi lakuti andionetse nyumba yake yosungiramo katundu. Alimi a kuno amawadziwa ogula mbewu a m'chikwama, ofika ndi sikelo pa njinga yamoto n'kusowa mawa lake. M'malonda a mapuleti aliponso otere: ali ndi foni, kabuku ka zithunzi ndi mitengo yokoma, koma amaitanitsa ku Johannesburg kapena ku Dubai iwe utalipira kale. Kwacha ikagwa pakati, monga idachitira mu 2015 pamene mphamvu yake idatsika pafupifupi ndi theka m'chaka chimodzi, kapena mu 2020 dziko litalephera kulipira ngongole zake, amabwera n'kunena kuti uwonjezere. Amene ali ndi mabokosi pansi mu Lusaka amadula pang'ono, koma mtengo wake ndi wa lero, ndipo ukakhala naye nthawi amakupatsa masiku makumi atatu olipirira. Masiku amenewo ndi moyo kwa munthu amene makasitomala ake ndi masukulu ndi maofesi olipira gawo lawo likafika.

Mnyamatayo adafunsa za Lilongwe, poti kuchoka pa Katete kudzera pa Chipata ndi Mwami ndi theka chabe la ulendo wa ku Lusaka, ndipo kwa wa ku Vubwi ndi pakhomo penipeni. Pamapu ali ndi mfundo, ndipo ndiyo njira imene mabuku a makolo athu ankadzera. Koma Malawi ili m'mavuto a madola ofanana ndi athu a m'ma 1980. Kwacha yawo idatsitsidwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo osindikiza a kumeneko nawo amasakasaka mapuleti. Powonjezera mapepala a pa kasitomu, kufupika kwa msewu kumatha. Chondiseketsa n'chakuti malole ena ochokera ku Beira amalowera pa Chanida n'kudutsa pa Katete pomwepa, makontena ali chitsekere, kupita ku Lusaka. N'kutheka kuti bokosi limene mnyamatayu adzalandire kwa kondakitala lidzakhala likuona phiri la Mphangwe kachiwiri.

Ndidamuuzanso kuti asakhale ndi wogulitsa mmodzi. Wamkulu akhale mmodzi, koma wachiwiri azigulidwako kabokosi mwa apo ndi apo, kuti nthawi yowotchera mapuleti ake izidziwika ndiponso kuti tsiku la tsoka usadzafike kwa iye ngati mlendo. Chaka cha 2024 chidaphunzitsa zimenezi. Chilala chitaphwetsa Kariba, magetsi ankazima maola oposa khumi ndi asanu ndi awiri pa tsiku, ndipo amene ankawotcha mapuleti ku Lusaka adagawika pawiri, okhala ndi jenereta yokwanira ndi opanda. Amene adadalira wopanda jenereta adakhala manja lende ngakhale makina awo adali bwino.

Pa kawerengedwe kake adaiwala chinthu chimodzi chimene chimabwezako kangachepe. Puleti yotha ntchito ndi aluminiyamu wabwino. Osula mapoto amaigula pa kilo n'kuisungunula, amisiri a zidebe amaidula, ena amafolera makola a nkhuku kapena kukulunga miyendo ya nkhokwe kuti makoswe aziterereka. Mukaona khola la nkhunda lili ndi nkhope ya phungu wakale pambali pake, dziwani kuti ndi yathu.

Ntchito ya chaka kuno simayenda mofanana. Malisiti a thonje ndi soya amafunika msika usanatseguke, cha mu Epulo ndi Meyi. Mafomu a sukulu amatsata materemu. Ogasiti ndiye mwezi wa moto: Kulamba ku Mkaika kumasonkhanitsa Achewa a maiko atatu kwa Kalonga Gawa Undi kumapeto kwa mweziwo, ndi mapologalamu, makalenda ndi zikwangwani zake, ndipo zaka zisanu zilizonse chisankho chimagwa Lachinayi lachiwiri la mwezi womwewo. Chaka chotere mapuleti amatha mu Lusaka pofika Julaye, makampani aakulu atasesa zonse, ndipo owotcha amaika ntchito za andale olipira pompopompo patsogolo pa za kashopu ka ku Katete. Mnyamatayo ndidamuuza kuti mabokosi ake a Ogasiti awagule mu Meyi, ndalama ya malisiti a thonje ikadali m'manja, awaike pansi m'chipinda cha kum'mwera chosawombedwa dzuwa, chogoneka, osapitirira mabokosi asanu pa mulu umodzi.